Kugwira Mkodzo Mpaka Lamulungu

Lolemba
Masabata asanu ndi atatu chichirireni ndi mpeni. Chilonda chapola, koma kunsiku zinthu sizili bwino. Ndikayetsemula, mkodzo uja dontho. Ndikaseka, chimodzimodzi. Lamulungu mwana wanga Wongani akubatizidwa, ndipo ine ndikayenera kukaima kutsogolo kwa mpingo wonse nditavala diresi loyera! A fiziyo, adokotala a minofu aku City Centre, akuti ndigone chagada, ndimange minofu ya kunsi ngati ndikugwira mkodzo, ndiwerenge mpaka faivi, ndimasule. Kakhumi, katatu pa tsiku. Akuti zimatenga miyezi itatu. Miyezi itatu ya ndani? Ine ndili ndi masiku sikisi. Pulani yanga:
kakhumi ayi, ka handiredi
madzi pang'ono
kuseka ndayamba ndasiya

Lachiwiri
Ndagona pa kapeti, ndili pa twente-foro. Apongozi, amene abwera kuchokera ku Rumphi kudzandisamala, akutsegula chitseko osagogoda. Kukuwa! "Wagwa! Amake Wongani wagwa!" Kufotokoza ndiyambira pati? Mawu amenewo angatuluke pakamwa panga pamaso pa apongozi? Ndikungoti msana, amama. Basi ndalakwitsa. Akuwiritsa madzi oti andithowe.

Lachitatu
Kugona pansi kwaletsedwa. Ndikuchitira pampando mwakachetechete. Vuto ndi nkhope, ikumangika nayo. Amayi amvano asanu abwera kudzaona mwana, ine ndili pa faivi wanga, maso psuu pakhoma. Mmodzi akunong'oneza mnzake: "Alendo sawafuna uyu. Za kwa olemera ku Area 43 izi." Ndikumasula kuti ndimwetulire. Kenako kugwada kuwapatsa tiyi, kudzuka, kugwada, kudzuka. Pomaliza wina akuponya nthabwala ya abusa. Ndaseka. Ndathamangira kubafa.

Lachinayi
Ku Old Town kukayesa diresi. Atelala anga, mayi wachisilamu wodekha uja, alisoka bwino mpaka ndikufuna kulira. Loyera mbuu, lopyapyala, lothina kumbuyo. Padi yomwe ndavala mkati ikuonekera ngati buledi. Fumbi lapamsika nalo! Kuyetsemula katatu pakhonde la shopu, miyendo nditapingasa ngati ndikuvina. Atelala akundiyang'ana, akuti: "Ndili ndi nsalu yabuluu yakuda bwino, mwana wanga." Ndakana. Apongozi ndi amene anasankha loyera, ndipo abale onse aku Area 14 auzidwa kale.

Lachisanu
Zaipiratu. Kunsi kukuwawa, mutu ukuwawa, mkaka wachepa, Wongani akulira. Lero kungonyamula beseni, dontho. Ndikuimbira a fiziyo, ndikuulula za handiredi ndi za madzi. Akuti: "Mayi, minofu mwaitopetsa. Mwana wa miyezi iwiri mungamuthamangitse? Imwani madzi, lero ndi mawa mupume." Kupuma! Kwatsala masiku awiri! Ndauza bambo a Wongani. Akuti: "Ungolimba mtima, ndi maminitsi teni okha." Mtima ndi umene ukudontha?

Loweruka
Nyumba yadzaza. Kubafa kuli mzere. Zomwe ndikuopa mawa:
masitepe atatu okwera kuguwa
pefyumu wa alamu anga
nyimbo yokweza mawu ija
Wongani akandiponda pamimba
Diresi lapachikidwa pachitseko, likungondiyang'ana. Mantha ndili nawo, osanama.

Lamulungu
Masitepe ndakwera bwino. Abusa akuthira madzi, Wongani akudzidzimuka, kaphazi kake pamimba panga, dii! Ndamva kutentha kukutsika. Padi yasuntha. Ndangoima, maso kwa abusa, ndikudziwa kuti kumbuyo kuli anthu mazana.

Pobwerera, apongozi akubwera kudzaima kumbuyo kwanga, pafupi mpaka mpweya wawo ukundigunda pakhosi. Ine phazi, iwo phazi, mpaka panja, mpaka pagalimoto. Palibe waona, kapena aona koma asankha kukhala chete.

M'galimoto tili awiri. Akuyang'ana pawindo, akuti: "Ine chibadwire mwamuna wakoyo, sindinasekepo nditaimirira." Zaka sate-foro! Kenako: "Adokotala akowo amaona ndi nkhalamba zomwe?"

Diresi lili mubeseni. Ndamwa madzi makapu awiri. Miyezi itatu ndiye miyezi itatu, ndavomera. Mawa kakhumi basi, ndipo ndikuyenera kupeza mawu ofotokozera apongozi anga choti amange.