Koyilo wa Nsungwi Yaiwisi

Masiku ano ndikamva nkhumba ikulira, mtima umandiwawa. Ndifotokoza chifukwa chake, ngakhale ndili ndi manyazi.

Chaka chatha bambo anga anati ndisiye sekondale, ndizikawathandiza kulima kachewere kwathu ku Bembeke. Ine ndinawapempha kuti abwere kaye kusukulu adzamve mawu a ku Lusaka pa wailesi yopanga ndekha. "Ikakayankhula, upitiriza," anatero.

Aphunzitsi athu a sayansi, a Kachigamba, anandibwereka zipangizo za wailesi: valavu, batire, waya ndi makondensa awiri ofufuzira siteshoni. Anandiuza kuti ndikulunge wayayo kamakumi anayi pa nsungwi youma kuti akhale koyilo, ndipo ndilumikize kondensa wamkuluyo. "Koyilo wochepa ndi kondensa wamkulu sasuntha pa siteshoni," anatero. "Ukasinthanitsa, udzalira."

Koma kunali kuzizira kwa Juni, ndipo nsungwi zouma zonse anzanga anali ataotha. Ndinadula yaiwisi (inali yosalala bwino, ndinainyadira). Pokulunga ndinaganiza kuti waya wochuluka ndiye mawu ochuluka, monga manyowa m'munda, choncho ndinafika makumi asanu ndi awiri. Lusaka sanapezeke. M'malo momasula waya, ndinachotsa kondensa wamkulu n'kuika wamng'ono uja. Munthu anayankhula Chinyanja momveka bwino! A Kachigamba sindinawauze kanthu.

Bambo anafika patapita milungu iwiri, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Apo n'kuti nsungwi ija itauma n'kunyala, waya ali khwekhwerere. Nditalumikiza batire, wailesi inalira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Ndinapotoza kondensa pang'onopang'ono mpaka nyimbo inamveka patali. Bambo anaweramira pafupi kuti amve, nyimbo n'kuthawa. Atabwerera m'mbuyo, inabwera. Ataweramanso, nkhumba ija inayambiranso.

"Kodi ikundida ine?" anafunsa.

"Iyayi, bambo, ndi kondensa," ndinatero, misozi ili m'maso.

A Kachigamba anawerenga mizere ya waya ndi chala, n'kupeza makumi asanu ndi awiri. Bambo anavala chipewa chawo.

"Nkhumba tili nazo kale kumudzi, mwanawe, ndipo sizifuna batire. Katenge bulangete lako."

Ndikulemba izi zikhadabo zili zodzaza dothi la kachewere. Waya ndi kondensa wamkulu a Kachigamba anandisiyira, akuti mwina bambo angadzasinthe mtima. Nsungwi ina ndinaisomeka kudenga mwezi wathawu. Dzulo ndinaigogoda, yauma ndithu. Ndakulunga makumi anayi monga anandiuzira (kuwonjezapo asanu okha).