Leni ya Kumanzere

Lolemba

Ntchito ija ndaipeza! Kusamalira agogo ena ku Silver Spring, kuyamba Lolemba likubwerali. Vuto ndi msewu. Chibwerereni ku America kuno ndimayenda leni ya kumanja basi, kumbuyo kwa mathiraki, mtima uli m'malo. Kusintha leni ndimakuopa kuposa jakisoni. Koma ukachoka kuno ku Germantown, pamene msewu wa 270 umagawikana, wopita ku Silver Spring ayenera kukhala kumanzere. Wokakamira kumanja amakathera ku Virginia.

Mwayi wake, amuna anga, bambo a Tadala, agula galimoto yamagetsi. Akuti ukangogunda indiketa, imayang'ana yokha n'kulowa yokha. Ndiye pulani ndi iyi: iyo izisintha maleni, ine ndizingokhala ngati bwana.

Lachiwiri

Kuyeserera koyamba. Masana, magalimoto ndi ochepa. Ndagunda indiketa. Chiwongolero chikupotoka chokha m'manja mwanga, ndipo taonani, ndili kumanzere! Ndawomba m'manja kuithokoza. Yayamba kulira, pii pii pii, ati manja abwerere pachiwongolero. Moti kuthokoza kwasanduka mlandu?

Komabe ndasangalala. Ntchito ndi yanga.

Lachitatu

Lero ndayesa m'mawa, nthawi ya anthu opita kuntchito. Galimoto iyi anailera bwino, koma ulemu wake wanyanya. Indiketa ikuphethira, iyo ikudikira mpata. Mpata wake uti? Anthu a kuno ukawaonetsa indiketa ndiye amawonjezera moto. Yadikira, yadikira, kenaka yazimitsa indiketa mwakachetechete ngati sinalonjeze kanthu.

Ku Virginia n'kokongola. Mitengo yambiri.

Lachinayi

Mvula. Galimoto yalemba kuti kamera sikuona bwino, ndiyendetse ndekha. Ndabwerera panjira, pa Rockville.

Zimene galimoto iyi imadana nazo:
- mvula
- mizere yofufutika
- kuwomba m'manja
- madalaivala a kuno ku Maryland

Ndikaganiza zoimbira foni mwana wa agogo aja kuti ntchito ndailephera chifukwa cha leni, ndikuchita mantha, osanama. Bambo a Tadala akuti ndingoikhulupirira. N'zosavuta kunena kwa munthu amene kuntchito kwake ndi kuseri kwa nyumba konkuno.

Lachisanu

Apongozi, amene abwera kudzationa kuchokera ku Dedza, amva kuti pakhomo pano pali galimoto yoyenda yokha. Akufuna kukwera mawa, akaonenso kumene ndizikagwira ntchito. Asita kale chitenje. Kukana sindingathe.

Ndachaja batire mpaka kudzaza. Ndapukuta makamera onse ndi kansalu. Ndapemphera kuti kunja kuche bwino, ndiponso kuti anthu a ku Maryland mawa atsale m'nyumba zawo.

Loweruka

Sanatsale.

Tili pa 270, galimoto ikudziwongolera bwinobwino, apongozi akugwedeza mutu. Kenaka amasula kampango, akundipatsa mtedza wokazinga. Munthu wamkulu ungamulandire ndi dzanja limodzi? Ndalandira ndi awiri. Manja adzaza, poika palibe. Pii pii! Ndakhuthulira pamiyendo, ndagwira chiwongolero. Andipatsanso, akuti ndaonda. Pii pii! Kachitatu galimoto yakwiya. Yalemba kuti ulendo uno sindithandizanso.

Chikwangwani cha Silver Spring icho, kumanzere. Ine ndili kumanja kwenikweni. Apongozi akungotafuna, sakudziwa kanthu. Ndipite nawo ku Virginia? Ayi ndithu.

Indiketa. Galasi. Khosi ndalitembenuza mpaka kulira. Pali bambo wina wa vani yoyera. Ndamuyang'ana m'maso, ndamukwezera dzanja ngati mmene timachitira pa Lilongwe, ndipo wandisiyira! Ndalowa. Leni ina, ndalowa. Inanso, ndalowa.

Tafika pakhomo pa agogo aja. Bulauzi yanyowa, mtedza uli mbwee pansi. Koma mtima wapepuka, mpaka misozi ikulengeza. Apongozi akufunsa ngati ndi chimfine.

Lamulungu

Mawa ndiyamba ntchito, ndipo ndikudziwa kuti ndikafika. Batani loti galimoto izidziyendetsa yokha ndalizimitsa. Pulani yokhala ngati bwana yathera pomwepo: galimoto izindinyamula, kuyendetsa ndi ine.

Titatuluka m'tchalitchi, apongozi asonkhanitsa amayi anzawo pamalo oimika magalimoto. Akuti, "Ndaona ndi maso angawa. Yadutsa maleni atatu yokha, mpongozi wangayu akungonjenjemera."

Amayi akuizungulira galimoto, ena akuisisita. Bambo a Tadala akumwetulira ngati anaipanga okha. Apongozi ungawatsutse pagulu?

Aitamande, palibe kanthu. Khosi limene likuwawa ndi langa.