Chisanu Chimalowera Kumsana

Lolemba

Mwana wabadwa, wamwamuna, ndipo mkazi wanga Esinati watuluka naye m'chipatala dzulo. Ine ndamuona kamodzi kokha, atakulungidwa mpaka mphuno. Lero apongozi, amake a Esinati, alowa m'nyumba mwanga ndi mphasa yawo. Akuti akhala ndi Esinati m'chikuta mpaka mchombo wa mwana ugwe, ndipo mwamuna saloledwa kulowamo. Chabwino, mwambo ndi mwambo. Kwathu ku Nsanama timatero nafenso.

Chandipweteka ndi pakamwa pa alamu anga a Mateyu, achimwene ake a Esinati. Anena pamaso pa anthu: "Muzikagona kwathu alamu, malo a alendo sasowa." Alendo! Njerwa za nyumbayi ndinaumba ndekha kuno ku Phalula, malata ndinakhoma ndekha, lero ndasanduka mlendo chifukwa ndine mkamwini. Ndawayankha mwaulemu kuti iyayi, zikomo, pogona ndili napo.

Ndipo ndili napodi. Chaka chatha ndinagula pa kaunjika ku Liwonde chinsalu chobiriwira cha zingwe uku ndi uku. Wogulitsa anati ndi machila amene azungu amagonamo akapita kutchire. Esinati anandiseka mpaka misozi. Lero ndawamanga pakati pa mitengo iwiri ya mango kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zenera la kuchipinda. Mwana wanga akalira, ndizimumva ndili pano. Sindisuntha mpaka mchombo ugwe.

Lachiwiri

Tulo sindinationepo. Ndinafunda mabulangete awiri, pachifuwa thukuta, koma msana ngati ndagonera mwala wa mumtsinje. Ndinayala bulangete limodzi m'kati n'kugonapo, koma thupi likalitsindira limangophwatalala ngati pepala, chisanu n'kudutsa bwinobwino. Mwezi wa Juni ulibe chibale.

M'mawa amayi opita ku mjigo aima pamseu. Aona machila akulendewera, munthu ali m'kati wafunda mutu ndi miyendo yomwe. Mmodzi wafunsa ngati wodwalayo akupita naye kuchipatala kapena zachitika kale. Ndatulutsa mutu kuti ndiwapatse moni, awiri athawa n'kusiya ndowa.

A Mateyu adutsa akupita kudimba. Akuti, "Mwadzuka bwanji m'mwambamo?" Ndati ndadzuka bwino kwambiri, sindinagonepo tulo tokoma chonchi. Mano anali akugundana, koma mawuwo atuluka.

Lachitatu

Ndaitulukira nkhani yake. Munthu wogona pamphasa ali ndi nthaka kunsi kwake. Ine kunsi kwanga kuli mphepo. Ndiye chofunda chisakhale m'kati moti ndichigonere, chizilendewera kunja, kunsi kwa machila, chikumbatire msana osatsindirika. Nzeru zimenezi a Mateyu sangazipeze ngakhale atalota.

Zida zake: bulangete lakale la mizere, chubu cha njinga chodula mizeremizere, mapini a matewera amene ndabwereka pachingwe choyanikira. Ndamanga ngodya zonse zinayi ndi mphira.

Vuto ndi kakokedwe. Ndikamasula pang'ono, pakati pa bulangete ndi machila pakutsala mpata woti mphepo ikudutsa ngati minibasi ya pamsewu wa M1. Ndikakoka kwambiri, bulangete likumamatira n'kuphwatalala ngati dzulo. Tsiku lonse ndakhala ndikukwera, kutsika, kukoka, kukweranso.

Apongozi sandilankhula maso ndi maso, ulemu wa chipongozi. Ndiye atuluka kudzataya madzi n'kuuza nkhuku zimene zinali pabwalo kuti kumidzi ina, mwana akabadwa, bambo ake amapita kukawaza nkhuni. Nkhuku sizinayankhe. Nkhuni ndawaza, koma nditamaliza kumanga.

Lachinayi

Zathekako theka. Msana unafunda mpaka tambala woyamba, kenako mame anyowetsa bulangete, chisanu n'kubwerera ndi abale ake. Bulangete limodzi ndi lopyapyala. Pakufunika zinthu zosanjikiza, ndipo chapakati chikhale chofutukuka, chosunga mpweya wofunda.

Ndayang'ana pakhomo ponse. Udzu ukubaya. Makoko a chimanga akusokosa ndiponso aitana mbuzi. Kenako ndalowa m'khitchini, maso anga n'kugwera pa thonje lathu limene likudikira ogula. Loyera, lofewa, langokhala osagwira ntchito.

Ndasoka matumba awiri a feteleza kukhala limodzi lalitali, ndathiramo thonje osalipanikiza, ndasokanso mizere yopingasa kuti lisaunjikane malo amodzi. Kasanjidwe kake tsopano: pafupi ndi machila bulangete, pakati thumba la thonje, kunja kwenikweni pepala lakuda lapulasitiki lotchinga mphepo ndi mame. Kumutu ndi kumiyendo ndakwinya ndi mphira kuti pasalowe kanthu.

Esinati wandiona pazenera. Wanena motsitsa, kuti amake asamve, kuti thonje limenelo tinagwirizana kuti tikaligulitsa tigule zovala za mwana. Ndati sindikulidya, ndikungoligonera, ndipotu sindikuligonera n'komwe, likungolendewera. Watseka zenera.

Lachisanu

Ndagona! Ndadzuka dzuwa litatuluka, msana uli wofunda ngati mbatata ya m'phulusa. Mwana analira kawiri, akutero Esinati, ine sindinamve n'kamodzi komwe. Pamenepo ndiye pandichititsa manyazi pang'ono, poti ndinadzera zomwezo.

Ndinali ndikuganiza zoitana a Mateyu adzaone, pamene mitambo yabwera kuchokera kummwera. Chiperoni. Kamvula kowaza, kopanda phokoso, kosadziwa kuleka. Pamwamba ndinali nditakungapo lona, ndiye ndinati palibe vuto, ndapita kumsika kukagula sopo. Pobwera ndapeza madzi atsetsereka ndi zingwe, alowa m'machila, atsikira mu thonje, ndipo pepala lapulasitiki lija, m'malo motchinga madzi, lawasunga ngati beseni. Chinthu chonse chalendewera mpaka pansi ngati mimba ya ng'ombe.

Thonje ndalifinya ndi manja. Pakhosi payamba kukanda.

Madzulo a Mateyu abwera opanda nthabwala. Akuti mphasa ayala kale, ndipite ndisadwale. Mawu aja oti alendo sanawatchule. Akanawatchula zikanandiphwekera. Ndayang'ana pansi, ndati zikomo alamu, koma ntchito ndaiyamba ndiimalize. Usiku uno ndigona m'machila opanda chapansi, nditavala majekete awiri.

Loweruka

Chifuwa. Mphuno zatseka. Kamvula kakadalipo, thonje silikuuma, layamba kununkha ngati galu wonyowa. Esinati watumiza tiyi wa mandimu kudzera pazenera. Apongozi auza nkhuku kuti munthu wamakani amatsutsana ndi maliro ake omwe.

Anene zimene anene. Kwatsala pang'ono, ndamva akunong'onezana kuti mchombo wauma. Ndikagonja lero, mudzi uno udzandiseka mpaka mwana wanga adzakwatire.

Ndipo nzeru ina yabwera. Ndabwezeretsa thumba la thonje kunsi kwa machila, pulasitiki ndachotsa. Pansi pake ndiikapo mbaula ya makala ochepa, okwiriridwa ndi phulusa. Kutentha kumakwera m'mwamba, aliyense amadziwa. Thonje liziuma, msana uzifunda, ntchito ziwiri mbaula imodzi. Mpata ndayeza ndi dzanja, ulipo wokwanira. Thonje lonyowa silingayake.

Lamulungu

Ndikulemba ndili pamphasa m'nyumba mwa a Mateyu.

Thonje lonyowa silingayakedi. Koma likauma limayaka, ndipo thumba la feteleza limayamba ndi kusungunuka. Mphira nazo zikatenthedwa zimatamuka, ndiye chinthu chonse chinatsikira pa mbaula ine ndili m'tulo tabwino kwambiri ta sabata yonse. Mphuno zotseka sizinamve utsi. Anaumva ndi apongozi. Akuti anaiwala ulemu wonse, anandiitana ndi dzina langa lenileni, kawiri. Ndisanapeze potulukira, a Mateyu anali atafika ndi ndowa. Yoyamba inazimitsa moto. Yachiwiri sindikudziwa kuti inali ya chiyani.

Machila abooka pakati penipeni. Buluku nalonso. Thupi silinapse, kupatula kamalo kamodzi komwe sindikuonetsa munthu. Thonje la m'thumbamo lapita, lotsala m'khitchini Esinati wauza achimwene ake alisunge kwawo. Sindinatsutse. A Mateyu anandipatsa zovala zawo zouma ndi bulangete lawo labwino, ndipo mpaka pano sananene liwu limodzi loseka. Akungotuluka panja pafupipafupi, mapewa akugwedezeka.

Mchombo wagwa m'mawa uno. Anthu atachoka kutchalitchi, mwana watulutsidwa. Bwalo ladzaza, azakhali, anansi, ngakhale amayi aja anathawa machila. Ndinasamba, ndinavala malaya a alamu, ndinatambasula manja. Apongozi, omwe tsopano akundilankhula mwachindunji, anati, "Ndi chimfine chimenecho, bambo, muimire uko."

Ndaima pafupi ndi khola la mbuzi. Mwana wayenda m'manja mwa aliyense. Atafika kwa a Mateyu, abwera naye mpaka pakati pa bwalo, amuvula kachipewa, amutembenuzira kwa ine kuti ndimuone bwino. Chipumi ndi changa. Esinati wandiyang'ana ali pakhonde, wapukusa mutu, koma akumwetulira.

Kenako mwanayo wayetsemula, kamodzi, pang'ono chabe. Bwalo lonse latembenuka kuyang'ana ine. Ndabwerera m'mbuyo ndekha, osadikira kuuzidwa.