Mmene Ndinaimbira Achule a M'nkhuti ya ku Mgona

Wotsutsa atsutse, koma ayambe wakafunsa ku Mgona. Chaka chimenecho kunamveka mphekesera yoti achule akasiya kuikira mazira kuseri kwa nyumba yako, mwana wako wamkazi sadzabereka. Ine pamjigo ndinaseka, koma pobwerera ndinathamangira kunyumba, chifukwa Tadala wanga anali atakhalitsa pabanja osatenga pathupi, ndipo apongozi ake anali atayamba kale zoti amubweza.

Ndinakasuzumira m'nkhuti yathu, muja tinakumba dothi la njerwa. Achule aakazi ali mbwee, mimba zotupa ngati mabanzi, koma dzira olo limodzi. Vuto ndinaliona ndekha. Wamkazi samasula mazira asanamve wamwamuna akuimba, ndipo amafuna wa mawu okhuthala. Tsono chitsegulireni bala pafupi, masipika ankameza nyimbo yonse, azibambo achulewo n'kungokhala chete ngati ali pamaliro.

Mukumva? Mvula itangokata, ndinamanga chitenje, ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, ndinatupitsa khosi n'kulira kamodzi kokha, masipika aja n'kupsa, malata a dera lonse n'kugwedera, achule aamuna aja atamva kuti kwabwera wowaposa anachita nsanje n'kuyamba kuyankha, ena kuchokera ku Kanengo pa malole a fodya, ena ku Area 25 pa kabaza, aakazi n'kumasula mazira mpaka kusefukira mumsewu, maminibasi kuterereka, makondakitala kukankha mazira ali m'maondo. Ndikulumbira, nkhuku za aneba zinaikira zikuthamanga, papaya wamwamuna wa patchalitchi anabereka, ndipo mayi wina wogulitsa makala, amene mwamuna wake ali ku Joni chaka chonse, ayi, ndisanene zambiri.

Koma Tadala, zii. Mbululu zinamera miyendo, iye ali chimodzimodzi. Ndinkangokhala maso kumsewu, mawu atasasa, kuopa kumuona akubwera ndi chikwama pamutu.

Apongozi ake anaitanitsa ankhoswe. Tili pamkeka, iwo akuti mwanayu abwerere kwawo, mkamwini wanga, munthu wosayankhula uja, anagwada pamaso pa mayi ake.

"Amayi, Tadala alibe mlandu. Ndine ndinamuperekeza kuchipatala kukaikitsa njira yolera yapamkono. Tinagwirizana kuti ayambe wamaliza sukulu ya utelala."

"Ndiye unangondisiya ndikumunyoza mwana wa eni ake?"

"Ndimakuopani, amayi."