Tsiku Limene Ndinasambitsa Amayi a Chigwirizano ndi Madzi a Fodya

Linali Loweruka, naini koloko m'mawa itangokwana, pamene galimoto ya malemu amuna anga inandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse. Mpaka lero amayi a chigwirizano akamva kulira kwake amapatukira m'munda. Sindiwada. Ndikanakhala ine ndikanathawira patali kuposa pamenepo.

Ndiyambe ndi galimotoyo. Amuna angawo, bambo a Tiyamike, anali makaniko, ndipo kwa zaka zambiri ankasamalira galimoto ya mphunzitsi wina wachizungu kuno ku Mtunthama. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira. Ndi yofiira, yakalekale, ya mipando iwiri yokha, denga ilibe, ndipo ndi yafupi moti ukakhalamo umaona ngati wakhala pamphasa. Thumba la feteleza silikwanamo. Ine ndinkaitcha mkazi mnzanga, chifukwa Loweruka lililonse bambowo ankaisambitsa, kuipukuta, n'kumaiuza mawu okoma amene ine ndinasiya kuwamva kalekale. (Koma kuyendetsa anandiphunzitsa, pabwalo la mpira. Mtengo umodzi wa pagolo unagwa.)

Bambowo atamwalira, mkazi mnzangayo anangokhala m'chigafa cha fodya, nkhuku zikuikiramo mazira. Tsiku lina kunabwera alamu anga a Yotamu, ang'ono awo a malemuwo.

"Alamu, ogula zitsulo akubwera mwezi wamawa. Chinthu chosayenda ndi chitsulo basi."

"Chimayenda chimenecho."

"Chiyende tione. Tsiku lovundukula chiliza cha achimwene mukafike nacho kumanda. Chikalephera, chikukwera pasikelo."

Pasikelo! Ngati belo la fodya! Mtima wanga unawira. Zovala za bambowo abale anagawana, njinga inapita, zipangizo zambiri zinapita. Chotsala chimene chinkanunkhirabe manja awo chinali chimenechi.

Ndinathamangitsa nkhuku, ndinabwereka batire, ndinagula petulo wa m'chigubu. Nditapotokola kiyi inatsokomola, n'kutsokomolanso, kenako inabangula. Abale anga, ndinaimba nthungululu ndekha m'chigafa! Koma nditatsika ndinapeza pansi panyowa. Dontho, dontho, dontho.

Ndinayala thumba n'kugona chagada kunsi kwake. Madziwo ankachokera pa pampu ya madzi, ija imakhala kutsogolo kwa injini, kuseri kwa fani. Kunsi kwa pampuyo kunali kabowo kakang'ono, kozungulira bwinobwino. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma bowo ndimalidziwa. Ndowa zanga zonse ndi zomatamata ndipo palibe imene imadontha.

Ndinayamba ndi sopo. Injini itatentha, galimoto inayamba kutulutsa thovu ngati ikuchapa. Ndiye ndinachita zimene timachita ndi ndowa: ndinadula chigubu chakale, n'kuyatsa chidutswa chake, n'kumata pulasitiki wosungunukayo pakabowopo. Pee! Kudontha kunatha. Sabata imeneyo ndinazungulira mudzi tsiku ndi tsiku, ndikupatsa moni ngakhale anthu amene sitilankhulana.

Kenako madzi anapeza njira ina, n'kuyamba kutulukira kuseri kwa fani. A Yotamu anandipeza nditatsegula boneti. Paja mwamuna sangaone boneti yotsegula osapereka nzeru, ndiye anaiwala kuti iwo ndi amene ankafuna kuti galimotoyo ilephere.

"Aaa, zazing'ono izi alamu. Kuesiteti thirakitala ikamadontha tinkathira nyenyeswa za fodya m'rediyeta. Zimafufuma n'kutseka zokha."

"Zochuluka bwanji?"

"Pang'ono chabe."

Pang'ono pa munthu wina si pang'ono pa mnzake. Ndinathira dzanja limodzi, inadonthabe. Ndinawonjezera lina. M'chigafamo nyenyeswa zinali mbwee pansi, zaulere, ndiye ndinasesa mbale yodzaza n'kukhuthuliramo yonse, ndikukankha ndi kamtengo. (Mumtima ndinkati mankhwala ochepa sachiza.) Kudontha kunachepadi, ndipo ndinadziona ngati makaniko wamkulu wa Kasungu yense.

Tsiku la chiliza linafika. Nkhata za maluwa zinali kwa wokonza pamsika, ndiye ndinati ndikatenge pagalimoto. A Yotamu anati akwera nawo kuti akhale mboni. Analowa atavala jekete ndi chipewa, mawondo ali pachibwano, nkhope ili gwaa ngati akupita kukhoti.

Popita ndinayenda mwaulemu. Pobwerera, titafika pamsewu wowongoka uja wodutsa pakati pa minda ya fodya, mwendo wanga unalemera wokha. Mayo ine! Mkazi mnzanga anadzuka. Mphepo inandivula duku, mitengo ikuthamangira kumbuyo, akabaza akugwera m'mbali ndi njinga zawo. Ndinayang'ana alamu kuti mwina akomoka. Chipewa chinali chitapita, iwo ataimirira theka, nkhata zili m'khosi kuti zisauluke, pakamwa pali yasaa.

"Pondani alamu! Pondani!"

"Muvi wa kutenthawu wafika pofiira!"

"Ndiye kuti yakondwa! Pondani!"

Ndinaponda. Kutsogolo kunayamba kulira kena kake ngati nkhumba yomangidwa miyendo, koma ife tinkaseka kwambiri moti sitinasamale.

Pamphambano yolowera kumanda amayi a chigwirizano anali atafola mizere iwiri, mabulauzi oyera mbee, maduku oyera, akuimba. Kutsogolo kunali mtsogoleri wawo, mayi Nabanda, amene bulauzi yawo amaisita mpaka m'mphepete mwake mumatha kucheka chala. Ndinaimika galimoto pakati pawo monyadira. Nkhumba ija inkalirabe, ndiye ndinatsika n'kutsegula boneti, injini ili chiyakire, kuti onse aone kuti mayi wamasiye amadziwa zinthu.

Phuuu! Payipi ya labala yapamwamba inasomphoka. Madzi abulauni anagwera pa fani, ndipo fani inawamwaza kumanzere ndi kumanja ngati mvula yoyamba. Mwayi wake amayiwo anali chapatali pang'ono, madziwo anawapeza atazizirako, palibe anapsa. Koma mabulauzi aja! Onse anasanduka mawangamawanga ngati nkhanga. Nyimbo inathera pakati pa mawu.

Mayi Nabanda ananunkhiza mkono wawo, n'kundiyang'ana.

"Mayi a Tiyamike, uyu ndi fodya?"

"Ndi fodya, mayi."

"M'galimoto?"

"Anandiuza ndi alamuwa."

"Ine ndinati pang'ono!" anakuwa a Yotamu, atabisala kuseri kwa chitseko, nkhata zili m'khosi.

Abusa anafika nthawi yomweyo. Anadutsa pakati pa mizereyo mphuno ikugwedera, akuyang'ana amayi awo okhulupirika mmodzimmodzi, onse akununkha ngati kuokushoni ya fodya. Anangopukusa mutu.

Kumanda kunali kutatsala pang'ono, koma injini inakana kudzukanso. Anthu anamasula ng'ombe ziwiri pangolo ya mnansi wathu n'kuzimangirira kutsogolo. Ndinalowa kumanda ndili pachiwongolero, ng'ombe zikukoka, amayi a mawanga akuimba pambuyo. Nsalu itachotsedwa pachiliza n'kuona dzina la bambo a Tiyamike, ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi, chifukwa ndikudziwa kuti akanakhalapo akanagubuduka pansi ndi phwete. Koma mumtima ndinadziwa kuti ndaluza. Galimoto sinafike yokha.

Lolemba ndinaitana makaniko wina amene anaphunzira ntchito kwa malemuwo. Ndinkafuna kuti ngakhale ipite pasikelo, ipite ili bwino. Atamasula pampuyo anaona pulasitiki wanga uja.

"Amayi, kabowo aka opanga pampu anakaboola dala. Kakamadontha ndiye kuti kakukuuzani kuti labala ya m'kati yatha. Inu mwakatseka pakamwa, madzi n'kulowa mu bering'i, n'chifukwa chake inkalira ngati nkhumba."

Pampu ya mtundu umenewo kulibe ngakhale kuboma, ndiye anaiphwasula n'kuikamo labala ndi bering'i zatsopano. Gasiketi yoika polumikiza pampu ndi injini ndinadula ndekha pakatoni, ndikugogoda pang'onopang'ono ndi kahamala monga ankachitira bambowo. Rediyeta tinaitsuka mpaka manja kufewa. Fodya amene anatulukamo akanakwana kusuta mudzi wonse.

Wogula zitsulo anabweradi ndi lole yake. Ine ndinangokhala pakhonde, manja ali m'masaya. A Yotamu anatulukira akupalasa njinga mwamphamvu, n'kukaima pakhomo pa chigafa.

"Mukufuna chiyani pano?"

"Si munati pali chitsulo?"

"Chitsulo? Munayamba mwakwerapo inu? Bwererani!"

Lole itapita anakhala pambali panga, akupukuta thukuta. "Achimwene sanandikwezepo ngakhale kamodzi," anatero motsitsa mawu. "Ankati ndidetsa mpando."

Mabulauzi onse ndinachapa ndekha, ndipo ya mayi Nabanda sinayerebe mpaka pano. Nyenyeswa za fodya ndimasungabe pang'ono m'kachitini kuseri kwa mpando, poti za pamsewu sizidziwika. Masiku ano Loweruka lililonse ndimasambitsa mkazi mnzanga, ndimasuzumira kabowo kaja osakakhudza, kenako ndimakatenga a Yotamu n'kupita nawo pamsewu wowongoka uja.