Mvuu m'munda wa apongozi

Mpaka lero ndikamva mvuu ikulira kumtsinje wa Bua, ndimakumbukira tsiku lina m'munda wa apongozi. Mano ake ndinawaiwala kale, koma manyazi a tsiku lija akukana kuchoka.

Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira kufupi ndi pamene Bua amathirira m'nyanja, ndipo munda wa mpunga umene ndimalima ndi wa apongozi anga aakazi. Ulemu wathu unali wachikale uja: tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo mawu ankadzera mwa mkazi wanga. Tinali tisanayang'ananepo m'maso.

Chaka china ndinagula mfuti ya mpweya kwa mnzanga wa ku Dwangwa, yoopsezera mpheta mumpunga. Tizipolopolo take n'tating'ono ngati mphodza. Komabe ndinkaikoleka paphewa n'kumadutsa nayo pamjigo pang'onopang'ono (azimayi aone kuti m'mudzi munalowa mwamuna). Wina akafunsa ngati ingaphe nguluwe, ndinkangotsokomola. Sindinaname, koma sindinakanenso.

M'mawa wina mpunga utayamba kucha, mkazi wanga anafika ali wefuwefu.

"Bambo a Chisomo, amayi akuti mutenge mfuti. Mvuu yagona m'munda, yadya kale ndime ya kumunsi."

"Mvuu? Timaimbira agemu, oyang'anira nyama zakutchire aja, si nyama yongoombera imeneyo."

"Aimbiridwa kale, koma akuchokera kutali. Amayi akuti mwayi wake tili ndi mlenje pakhomo. Kapena mukuopa?"

Ndinkaopa kwambiri. Koma mkamwini akangodziwika kuti ndi wabodza, ngakhale nkhuku za pakhomo zimasiya kumulemekeza. Ndinanyamula mfuti.

Kumunda ndinapeza anthu atadzaza pachulu. Ndinalowa m'kanjira kokwezeka ka pakati pa mpunga, kokwana munthu mmodzi, uku ndi uku kuli matope. Mvuu ija inali gone m'thamanda, msana ngati bwato lovundikira. Maganizo anga anali oti ndiombere m'mwamba, idzidzimuke, ipite. Koma ndisanakweze n'komwe mfuti, chala chinakoka chokha.

Phwa!

Kachipolopolo kanakaigunda pakhutu. Inagwedeza khutulo, n'kudzuka. Abale, sindinkadziwa kuti chinthu chingapitirize kudzuka nthawi yaitali choncho. Itayasamula ndinaona m'kamwa moti mungalowe njinga, kenaka inayamba kubwera.

Ndinatembenuka, liwiro. Ndipo m'kanjira momwemo, maso ndi maso, ndinakumana ndi apongozi. Ankanditsatira atasenza dengu, mpeni uli m'manja, kuti akhale oyamba kudula nyama (chikhulupiriro chimenechi chimandipwetekabe mtima).

Apa thupi linachita zimene linazolowera. Ndinawapatukira. Ndinadumphira m'matope mpaka m'chiuno, n'kuwerama mwaulemu, kumbuyo madzi akuphulika.

"Bambo inu, ulemu wanji pano? Tulukani!" anakuwa apongozi.

Miyendo inakana, matope anandigwira zolimba. Ndinkamva mpweya wa chinyama chija, fuu! fuu! Apongozi anataya dengu, anagwira kukamwa kwa mfuti ine nditagwira kuthako kwake, ndipo anandizula ngati chinangwa. Dengu logubuduzika lija ndi limene mvuu inalimbana nalo. Inaliphwanya, n'kukhotera kubango, kupondaponda mpunga umene unatsala.

Ndisanapume n'komwe, agemu anatulukira, awiri, atanyamula mfuti zenizeni.

"Waombera mvuu ndani?" anafunsa wamkuluyo.

Zala zonse za pachulu zinaloza ine.

"Chilolezo chili kuti? Munda ndi wa makolo anu, sitikukana, koma nyama ndi ya boma. Ndipo mvuu yovulazidwa imapha anthu. Tiyeni, mukafotokoza kuofesi."

Njira zinali ziwiri: kuulula pamaso pa mudzi wonse kuti mfuti yanga ndi ya mpheta, kapena kukwera galimoto yawo ndikadali mlenje. Mukhulupirire, ndinayamba kuyenda kulowera kugalimoto.

"Pepani bwana," anatero apongozi, matope ali mpaka m'mawondo. "Taonani kaye chinthucho. Ine ndachigwira kukamwa, ndaona kabowo kake. Imeneyo si mfuti, ndipo awa si mlenje. Ndi bambo a Chisomo basi. Asiyeni, ana adya chiyani?"

Mkulu uja anatenga mfutiyo n'kuitsegula pakati, nayang'ana kachipolopolo kena kamene ndinamuikira pachikhatho. Anayesa kukhwimitsa nkhope koma mapewa ankagwedezeka. Anandichenjeza kuti ndikadzayambanso chibwana chotere ndidzagona m'chitokosi, kenaka anapita kukalondola mvuu. Pachulu anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Mpunga tinakolola wochepa chaka chimenecho, ndipo mfuti ija pano imachirikiza chitseko cha khola la nkhuku. Apongozi anasiyiratu kundipatukira. Tikakumana amaima pakati panjira, kundiyang'ana m'maso, n'kunena mokweza kuti, "Mwadzuka bwanji alenje?"

Ine ndimapatukirabe kutchire. Anthu amati ndi ulemu.