Kagudumu Kozungulira ndi Mbewu ya Alamu Anga

Kalabu ya Alimi ya Tikolore,
Nachisaka, Dowa.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mtambo M'manja,
Kumzinda.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ndine Elifala Chadzunda, mlembi wa kalabu ya alimi kuno ku Nachisaka, munthu wamba amene sukulu ndinalekezera panjira. Sindiyenera kulembera munthu ngati inu, koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalemba poyera kuti dziko lonse lione ubwino umene mwatichitira.

Mwina mwaiwala, poti mumathandiza anthu ambiri. Mwezi wa Okutobala munatitumizira mlangizi wanu, a Victor, amene anatisonkhanitsa ku Madisi n'kupatsa kalabu iliyonse foni imodzi. M'fonimo muli pulogalamu yanu youza alimi nthawi yodzalira. A Victor anatiphunzitsa kuti tikafuna uthenga watsopano tiziika chala pamwamba pa galasi n'kukokera pansi. Tikatero pagalasipo pamaoneka kagudumu kozungulira, ndipo kakasowa ndiye kuti uthenga wafika. Tinaomba m'manja, tinamwa zoziziritsa kukhosi, tinajambulitsa. Akulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kanu n'kakuthwadi, bwana, ndipo ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

1. Zikomo chifukwa chotilimbitsa miyendo. Kuno netiweki imagwira pa mwala umodzi, pamwamba pa phiri la kuseri kwa dimba. Ndimakwera m'mawa, n'kuima pamwalapo foni ili m'mwamba ngati wogulitsa nthochi pa zenera la basi. Zala zathu zinakakala ndi khasu moti galasi lanu silizimva, choncho ndimayamba ndanyambita chala monga timachitira potsegula buku la nyimbo kutchalitchi. Mawondo akupwetekabe, koma tsopano akupwetekera chitukuko.

2. Zikomo chifukwa cha kagudumu. Abale, kamazungulira bwino! Amene anakapanga mumukweze pa ntchito. Kandiphunzitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa ukangotopa n'kukokanso kamayambira poyamba, uku mayunitsi akupita. Mbuzi za paphiripo zinandizolowera, sizithawanso.

3. Apa ndiye pagona kuthokoza kwanga kwenikweni. Mvula yoyamba itagwa, anthu anadzaza pakhomo panga. Ambiri ankati imeneyo ndi chizimalupsa chabe, mvula yongozimitsa moto wa m'tchire, ndipo munthu sadzalira. Ine ndinakwera phiri, ndinanyambita chala, ndinakoka. Kagudumu kanazungulira, kanazungulira, kenaka kanasowa. Pagalasi panali mawu akuti: "Sabata ino mvula yodzalira yafika. Dzalani." Ndinatsika chothamanga ndi kuwerengera anthu onse.

Ena anapukusa mitu n'kubwerera kwawo. Koma alamu anga, mayi Talandira, mkazi wa malemu achimwene anga, amene akulera okha ana atatu, anamvera. Iwo ankati anthu a kumzinda amaona mitambo kuchokera kumwamba, sanganame. Anadzala mbewu yonse ya chimanga imene anagula atagulitsa mbuzi yawo yomaliza. Chimanga chinamera, mizere inaoneka bwino ndithu. Kenaka dzuwa linaswa mtengo tsiku ndi tsiku, ndipo chonse chinapserera. Lero munda uli mbee.

4. Zikomo chifukwa cha a Victor, munthu waulemu kwambiri. Anabweranso pa njinga yamoto kudzaona mmene tikupindulira. Nditawafotokozera, anatenga foni, anaiyang'ana, anaseka pang'ono, n'kundimasulira zonse mofatsa. Chaka chatha foni yathuyi inali ndi kalabu ina ya ku Ntchisi, ndipo uthenga umene ndinawerenga unali wa Disembala chaka chatha, unangotsalira m'menemo. Uthenga weniweni, umene kampani yanu inatumiza sabata imene alamu anadzala ija, unali wakuti tisadzale chifukwa kukubwera ng'amba. Mukuona, bwana? Munalosera zoona. Kungoti zoonazo zinatsala kumzinda.

Ndinafunsa kuti nanga kagudumu kanasoweranji ngati uthenga sunafike. Anati uthenga ukafika kamasowa, ukalephera kufika kamasowanso, ndipo munthu wozolowera amangodziwa yekha. Ndinafunsanso chifukwa chake pa uthengawo sipalembedwa tsiku. Anati akatswiri anu anachotsa tsiku kuti galasi lizioneka laukhondo. Kunena zoona, limaoneka laukhondo. Munda wa alamu anga nawo sunayambe waonekapo waukhondo chonchi.

Asanakwere njinga yawo, a Victor anakokera foni yathu uthenga watsopano kudzera pa netiweki ya foni yawo, n'kutiyamikira kuti kalabu yathu ikutsogola m'boma lonse pa kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu. Akuti makina anu amawerenga nthawi iliyonse imene ndakoka, ndipo palibe amene amakoka ngati ine. Akuti mwina tilandira satifiketi. Ndayamba kale kufufuza msomali woipachikira.

Tsopano, bwana, mmene zinthu zilili ndi chonchi. Anthu a m'kalabu anasonkha mbewu, uyu kapu, uyu mbale, n'kuwapatsa alamu anga. Anaimanga pa kansalu. M'mawa uliwonse amabwera nayo pakhonde panga n'kukhala pansi. Sandikalipira, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Amangofunsa kuti foni ikuti chiyani lero. Mitambo yayamba kuda cha ku mapiri a Ntchisi, mphepo yasintha, anzawo akunola makasu. Ine ndimakwera phiri, ndimakoka, kagudumu kamazungulira n'kusowa, ndipo pagalasi pamakhala mawu akuti: "Sabata ino musadzale." Kaya ndi sabata ino yathuyi, kaya ndi sabata ija anabwera a Victor, ine sindikudziwa. Alamu akadzala n'kupsanso, mbewu ina palibe m'mudzi muno. Akadikira mvula n'kuwadutsa, ndiye kuti chaka chapita. Ndikuchita mantha, bwana, ndipo ndikatsika phiri ndimazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndichedweko kuonana nawo.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Ngati n'kotheka, uzani akatswiri anu kuti uthenga ukalephera kufika, foni izinena kuti walephera. Ife kulephera tinakuzolowera, sitingakhumudwe. Ndipo pansi pa uthenga uliwonse azilembapo tsiku, ngakhale m'zilembo zing'onozing'ono, tidzatsinzina diso limodzi n'kuwerenga. Galasi likada pang'ono tidzalipukuta ndi malaya.

Koma ngati zimenezi n'zovuta pa kampani yaikulu ngati yanu, ndikumvetsa. Pamenepo ndikukuitanani modzichepetsa kuti mudzatichezere mu Febuluwale, pamene njala imafika pachimake. Galimoto mudzaisiye ku Madisi, tidzakutengani pa njinga. Ndidzakuperekezani kwa alamu anga, ndipo ana atatu aja adzakupatsani moni atagwada, poti analeredwa bwino. Kenaka tidzakuimikani pa nkhokwe yawo yopanda kanthu, mudzaike chala chanu chofewacho pamwamba pake, mudzakokere pansi. Musadzafulumire. Anawo adzaima pambali panu ndi mbale zawo, adzadikira nanu.

Ndine wanu wotsikitsitsa, amene ndikukokabe,

Elifala Chadzunda,
Mlembi wa Kalabu.